Verfremdung: Kuona Zozolowereka Ngati Zachilendo

Ophunzira Chijeremani akapita kukaonera zisudzo ku Berlin amakumana ndi mawu akuti Verfremdung. Tsinde lake ndi fremd, kutanthauza chachilendo kapena cha eni.

Anawatchukitsa ndi wolemba zisudzo Bertolt Brecht, yemwe analemba za mawuwa mu 1936 ataonera katswiri wa zisudzo wa ku China, Mei Lanfang, ku Moscow. Brecht sankafuna kuti oonera atengeke mpaka kuiwala kuti ndi sewero. Choncho m'masewero ake wosewera amadukiza nkhani, kutembenukira anthu n'kuyamba kuimba, chikwangwani chitaulula kale zomwe zichitike. Woonera azidzifunsa: tikukhaliranji chonchi, nanga ndine yani pamenepa?

Wophunzira wochokera kunja amawamva msanga mawuwa, poti kwa iye ngakhale moni ngwachilendo.

Berliner Ensemble, gulu lomwe Brecht anayambitsa ndi mkazi wake Helene Weigel mu 1949, likusewerabe ku Schiffbauerdamm mumzinda wa Berlin.