Sociologia: nchito ya wophunzira wa caka coyamba

Sociologia ndi dzina la Cipwitikizi la phunziro loona mmene anthu amakhalira pamodzi: m'banja, m'mudzi, kumsika ndi kunchito. Phunziroli limafunsa mafunso onga awa: N'cifukwa ciani mwamuna amakakhala kucikamwini? Ndani amagawa minda? Bwanji atsikana ena amasiyira sukulu panjira?

Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, anaphunzira phunziro limeneli ku America. Yunivesite ya ku Maputo imene inapatsidwa dzina lake mu 1976 imaliphunzitsa mpaka lero. Wofuna kulowa ayenera kutsiriza kalasi 12 ndi kukhoza mayeso olowera. Maphunziro ake ndi a zaka zinayi, ndipo amacitika m'Cipwitikizi.

Kodi mwana wanu kapena mphwanu akalowa, aphunzitsi amafuna kuti azicita ciani?

Coyamba ndi kuwerenga. Asanalowe m'kalasi amawerengeratu zimene wapatsidwa. Amakumana ndi maina atatu akuluakulu: Karl Marx, Émile Durkheim ndi Max Weber. Awa ndi anthu a ku Ulaya amene analemba za olemera ndi osauka, za cipembedzo ndiponso za ulamuliro.

Caciwiri ndi kulemba. Nchito yolemba amaichula kuti trabalho. Imakhala ndi mau oyamba, nkhani yeniyeni ndi mau omaliza. Kumapeto amalemba maina a mabuku amene watengamo nzeru. Tsiku loipereka likakwana, lakwana basi.

Cacitatu ndi nchito ya pagulu. Ophunzira angapo amagawana mutu umodzi, kenako amaima kutsogolo n'kufotokozera anzao.

Cacinayi ndi kuona ndi kufunsa anthu. Tinene kuti wophunzira wa ku Milange wasankha malonda a pamalire a Muloza. Angaone amene amanyamula cimanga ndi nandolo pa njinga kupita ku Malawi. Angafunse amalonda mmene amasinthira metikali ndi kwacha, ndi amene amakongozana popanda kulemberana. Asanafunse amayamba wapempha cilolezo. Amalemba zimene wamva, osawonjezera zake, ndipo saulula dzina la munthu amene sanavomere.

Cacisanu ndi mayeso. Ku Mozambique amawerenga kuyambira 0 mpaka 20. Wophunzira amafunika 10 kuti aloledwe kulemba mayeso omaliza. Akapeza 14 kapena kuposa, nthawi zambiri amakhululukidwa mayesowo, ndipo izi amati dispensa. Akalephera amabwereza phunzirolo, ndiye kuti nthawi ndi ndalama za banja zapita.

Pali mlandu umodzi waukulu: kukopera za wina, kaya za mnzake kaya za pa intaneti, n'kunena kuti ndi zake. Pa Cipwitikizi amati plágio. Wogwidwa akhoza kulephera ngakhale kulangidwa.

Inu otsala kumudzi muli nayo mbali yanu. Wophunzira akabwera pachuthi n'kuyamba kufunsa za cikamwini, za maliro kapena za ulendo wa ku Malawi nthawi ya nkhondo, musamuone ngati wacipongwe. Ali pa nchito. Khalani naye pansi, mufotokozereni bwinobwino. Zimene inu mukudziwa pa moyo wa kuno, mabuku ambiri a ku Maputo sanazilembe.