Mabakiteriya a M'nthaka ndi Zotsalira za Mankhwala Ophera Tizilombo

Mukapopera mankhwala m'munda kapena m'dimba, si onse amene amafika pa mbozi kapena nsabwe za mbewu. Ena amagwera pansi n'kukhala m'nthaka. Zotsalirazi zimatha kulowa m'chitsime, mu mtsinje ndi m'zakudya zimene banja lanu limadya. M'nthaka momwemo muli mabakiteriya amene amaphwanya mankhwalawa. Ntchito yanu ndi kuwasamalira kuti agwire bwino ntchito.

Mankhwala amasiyana pa nthawi imene amakhala m'nthaka

Cypermethrin ndi chlorpyrifos, amene alimi ambiri amapopera pa mbozi za m'chimanga, amatha pakapita masabata kapena miyezi ingapo. Mankhwala akale monga DDT, dieldrin ndi aldrin amakhala zaka zambiri. Kuti theka la DDT lithe m'nthaka pamatha kupita zaka 2 mpaka 15. N'chifukwa chake mayiko anagwirizana zoletsa kapena kuchepetsa mankhwalawa m'pangano la ku Stockholm la chaka cha 2001. Dziwani kuti maungu ndi nkhaka zimayamwa dieldrin ndi DDT kuchokera m'nthaka kuposa mbewu zina zambiri.

Mmene mabakiteriya amagwirira ntchito

Mabakiteriya ndi tizamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso. Ndi amene amathandiza kuwoletsa mapesi ndi ndowe kukhala manyowa. Mitundu ina, monga Pseudomonas ndi Bacillus, imatulutsa timadzi timene timaduladula mankhwala, kenako imadya tizidutswato ngati chakudya. Bowa wina wa m'nthaka amathandizanso pa ntchitoyi.

Ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono, ndipo simathera pabwino nthawi zonse. DDT ikaphwanyidwa imayamba yasanduka DDE, mankhwala ena amene amakhalanso nthawi yaitali. Mankhwala akachuluka pamalo amodzi, mabakiteriyawo amafa.

Zoyenera kuchita m'munda

- Thirani manyowa a m'khola owola bwino kapena kompositi chaka chilichonse. Ichi ndiye chakudya cha mabakiteriya.
- Musatenthe mapesi. Ayaleni pamwamba pa nthaka kuti isunge chinyontho.
- Bzalani mbewu za mtundu wa nyemba monga nandolo, soya ndi mtedza mwa kasinthasintha ndi chimanga. Mabakiteriya amachuluka kwambiri pafupi ndi mizu yamoyo.
- M'dimba thirirani mokwanira, koma madzi asadikhe. Mabakiteriya ambiri amafuna mpweya.
- Ngati nthaka yayezedwa n'kupezeka ndi asidi wambiri, funsani alangizi za kathiridwe ka laimu.

Dzenje losakanizirapo mankhwala

Malo amene amaipa kwambiri ndi pamene mumasakanizira mankhwala ndi kutsukira sipuleya, chifukwa timadontho timagwera pamodzimodzi chaka ndi chaka. Ku Sweden, m'chaka cha 1993, anayamba kugwiritsa ntchito dzenje lotchedwa biobed pofuna kuthetsa vutoli. Mukhoza kulikonza motere, nokha kapena pa kalabu:

1. Sankhani malo okwera, kutali ndi chitsime, mjigo, dambo ndi posewerera ana.
2. Kumbani dzenje lakuya masentimita 60.
3. Tsindirani dongo lokhuthala masentimita 10 pansi pake kuti madzi asathamangire pansi.
4. Sakanizani ndowa 2 za mapesi kapena udzu wodulidula, ndowa 1 ya kompositi ndi ndowa 1 ya dothi lapamwamba la m'munda. Bwerezani mpaka dzenje litadzaza.
5. Bzalani kapinga pamwamba, ndipo mangani kadenga kuti mvula isadzazemo.
6. Dikirani mwezi umodzi musanayambe kuligwiritsa ntchito. Zosakanizazo zizikhala ndi chinyontho, osati matope.

Muzisakanizira mankhwala pamwamba pa dzenjeli. Zosakanizazo zikatitimira, onjezerani zina. Mukafuna kuzichotsa, ziunjikeni pa pepala la pulasitiki kwa chaka chathunthu musanazimwaze, ndipo musazithire pa ndiwo zamasamba.

Zimene mabakiteriya sangathe

Dzenjeli ndi la timadontho ndi madzi otsukira ochepa basi. Musathiremo mankhwala osasungunula kapena amene anapitirira nthawi yake. Mukapeza chitini chakale cha mankhwala chopanda chizindikiro, musachitsegule, musachikwirire ndiponso musachitenthe. Dziwitsani alangizi a zaulimi kuti afikitse nkhaniyi ku bungwe la Pesticides Control Board, lomwe limayang'anira mankhwalawa m'Malawi muno.

Ngati mukudziwa malo amene kale ankasungirapo kapena kutayirapo mankhwala, musabzalepo maungu, nkhaka, mbatata kapena kaloti, ndipo nkhuku zisamapalasepo.

Kumbukirani

Yenderani munda wanu kawirikawiri ndipo poperani pokhapokha tizilombo tikachuluka. Tsatirani mlingo wolembedwa pa botolo. Botolo likatha, litsukeni katatu, thirani madziwo mu sipuleya n'kupopera m'munda, kenako libowoleni kuti wina asadzasungiremo madzi akumwa kapena mafuta ophikira.