Mbiri ya Liwu Loti "Expedient": Phazi Lowonjoka mu Msampha

M'Chingerezi muli liwu loti expedient, lomwe limanena za chinthu chothandiza pa nthawiyo ndi chopindulitsa wochichita, kaya n'cholungama kaya ayi. Khalidwe losankha zochita motero amalitcha expediency. Liwuli lidabadwa loyera, koma lidadzathimbirira m'kupita kwa zaka.

Gwero lake ndi mneni wa Chilatini woti expedire, wopangidwa ndi ex, kutanthauza kunja, ndi pes, kutanthauza phazi. Aroma ankaonamo munthu amene akuwonjola phazi lake mu msampha kapena m'matangadza. Mneni wotsutsana naye adali impedire, kukola phazi, ndipo kumeneko n'kumene kudachokera liwu loti impede. Expedient adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo poyamba ankangotanthauza choyenera kapena chothandiza.

Nkhope zonse ziwiri za liwuli zimaoneka m'Baibulo la King James la mu 1611. Pa Yohane 16:7 lili ndi tanthauzo labwino, pamene Yesu akuuza ophunzira ake kuti kuchoka kwake kudzawapindulira. Koma pa Yohane 11:50 lili m'kamwa mwa Kayafa, mkulu wa ansembe, pamene akulangiza bwalo kuti lipereke munthu mmodzi ku imfa pofuna kupulumutsa mtundu. Kayafa sadafunse ngati munthuyo adalakwa, adangowerengera phindu.

Mkangano wa pakati pa phindu ndi chilungamo ndi wakale kuposa liwu lachingerezili. M'chaka cha 44 B.C., Cicero wa ku Roma adalemba buku la De Officiis, momwe adasimbamo nkhani ya ku Athens. Nkhondo yolimbana ndi Aperezi itatha, Themistocles adauza msonkhano wa anthu kuti ali ndi nzeru yopindulitsa mzindawo, koma yosati n'kuinena pagulu. Anthu adasankha Aristides kuti akaimve kumbali. Nzeruyo idali yoti akatenthe mobisa zombo za anthu a ku Sparta, omwe adali anzawo pa nkhondo ija. Aristides atabwerera adanena kuti nzeruyo ndi yaphindu ndithu koma yopanda ulemu, ndipo anthu a ku Athens adaikana osafunsa n'komwe kuti idali yotani.

John Stuart Mill, m'buku lake la Utilitarianism la mu 1863, adaona kuti anthu ambiri akamati expedient amanena chokomera wochitayo yekha, kapena chopulumutsa pa vuto la lero. Adapereka chitsanzo cha bodza: lingathe kuchotsa munthu m'manyazi kwa kanthawi, koma limafooketsa kukhulupirirana kumene anthu amakhalira pamodzi. Phindu lotere iye adaliika m'gulu la zovulaza.

Masiku ano liwuli limamveka kwambiri pa ndale. Nyuzipepala ikati mtsogoleri wachita chinthu chifukwa cha political expediency, sikuti ikumuyamikira ayi. Ikunena kuti wataya mfundo zake kuti ateteze mpando. Ophunzira asalisokoneze ndi mbale wake expedite, amene amangotanthauza kufulumizitsa ntchito.

Akuluakulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada. Munthu akamva kuti chinthu chakutichakuti ndi expedient, ayambe wafunsa kuti phazi likuwonjokalo ndi la yani, nanga lotsala mu msamphalo ndi la yani.