NDAKATULO ZOSALEMBEDWA ZA KU MATEPATEPA

Lero tikambirana za alakatuli amene maina ao sapezeka m'buku liri lonse.

Kumpoto kwa tauni ya Bindura, cakunjira ya ku Mount Darwin, kuli dera la mapulazi a fodya lochedwa Matepatepa. Bindura anayamba ndi mgodi wa golide wa Kimberley Reefs, ndipo dzina la Bindura linaperekedwa mu 1913. Cakum'mawa kwace kuli mgodi wa Shamva. Migodi ndi mapulazi amenewa zinafuna manja ambiri, ndipo ambiri a manjawo anacokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete. Oyamba anadza pansi, naoloka Zambezi, nalowera ku Mount Darwin. Pambuyo pace kunadza magalimoto a Ulere ndiponso a Mthandizi. Pamene anchito oposa 3,000 ananyanyala nchito ku Shamva mu 1927, atsogoleri ao ambiri anali a ku Nyasaland. Ena anabwerera kwao. Ena anakwatira komweko nasanduka macona.

Tsono munthu wa pa komboni analibe cosindikizira mabuku, ndipo kawirikawiri sanadziwe kulemba. Koma ndakatulo siiyembekeza pepala. Bwalo la pa komboni ndilo linali nyuzipepa yao, ndipo linali kuturuka Loweruka madzulo ndi Lamulungu, nchito itaima.

Pabwalopo panali magule a mitundu-mitundu. Acewa anadza ndi Gule Wamkulu, amene Ashona anamucha zvigure. Ayao ndi anzao anadza ndi Beni, gule wotsanzira perete wa asilikari, amene anafala itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Akazi anali ndi nyimbo zao za pamtondo ndi za cinamwali. Wopeka nyimbo anali kutola nkhani za masiku omwewo: kapitao wankhanza, phoso locepa, mwamuna woiwala mkazi kumudzi, mnzao woikidwa m'manda acilendo. Anali kuzikulunga m'zining'a, kotero kuti mwini pulazi, ngakhale ataima pafupi, anamva ng'oma yokha, koma a pa komboni anamva mlandu wonse. Nyimbo ikakoma, anthu anaibvomereza, ndipo wocoka kukafuna nchito kwina anapita nayo. Ikapanda kukoma, inafera pomwepo. Kumeneko ndiko kunali kusankha ndi kusindikiza kwao.

Zolembedwa zinadza pang'onopang'ono. Mu 1912 a misyoni ya Dutch Reformed ku Nyasaland anatumiza Mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury kukaweta Akristu a Cinyanja. Alaliki anayendera migodi ndi mapulazi, ndipo buku la nyimbo za Mulungu linakhala buku loyamba la mau oyalidwa m'mizere limene ambiri anagwira m'manja. Mpingo umenewo unakula kufikira unakhala Sinodi ya C.C.A.P. mu 1965. M'zaka za m'ma 1950 a African Newspapers ku Salisbury anali kusindikiza nyuzipepa yochedwa Bwalo la Nyasaland. Nyuzi imodzi inali kukwanira anthu ambiri, pakuti wodziwa kuwerenga anali kuwerengera anzace mokweza.

Koma cimene cinasintha zinthu koposa ndico wailesi. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo kochedwa Saucepan Special, cifukwa kanafanana ndi sefuliya. Pamenepo wa pa komboni anamva cinenero ca amai ace cikuturuka m'kabokosi, namva Alick Nkhata akuyimba. A wailesiyo anasindikizanso magazini ya omvera yochedwa African Listener. Mu 1963 E. J. Chadza anaturutsa buku la ndakatulo lochedwa Ntchito za Pakamwa, ndipo dzina lomwelo likucitira umboni kuti ndakatulo zathu zinayamba pakamwa zisanafike papepala.

Mbeu ya pa komboni inabala zipatso. Nicholas Zakaria, amene anatsogolera gulu la Khiama Boys, anali mwana wa anthu a ku Malawi, wokulira ku mapulazi a ku Mazowe. Wophunzira wace Alick Macheso anabadwa ca ku Shamva mu 1968, nakulira pa pulazi. Onse awiri anayimba m'Cishona ndi m'Cicewa, ndipo Zimbabwe yense anabvina mau amene kale anali kunyozedwa kuti ndi a Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre.

Koma bwalo lenilenilo linapeza tsoka. Kuyambira mu 2000, pamene mapulazi a Azungu anagawidwa, makomboni ambiri anapasuka ndipo anthu anabalalika. Lamulo la mu 2001 linacititsa ana ambiri a macona kukhala ngati alendo m'dziko lobadwiramo, kufikira malamulo atsopano a dziko a mu 2013 anawatsegulira njira. Zoonadi a UNESCO analemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo ng'oma zikali kumveka m'madera a migodi. Koma nyimbo yopekedwa pa pulazi limodzi, yonena za anthu a pomwepo, imakhala m'mitima ya okalamba owerengeka okha. Buku likhoza kugona m'bokosi zaka makumi asanu. Nyimbo yapakamwa imaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wace.

Cifukwa cace, inu anyamata ndi asungwana odziwa kulemba, ngati muli ndi agogo amene anagwira nchito ku Matepatepa, ku Shamva kapena kwina kuli konse, khalani nao pansi. Afunseni nyimbo zimene mwambo ulola kuti zinenedwe poyera, muzilembe pamodzi ndi matanthauzo ace, dzina la pulazi ndi caka. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo pamene wina wawasunga.

Tsalani bwino nonse.