Mipando 7 ya Nkumbula: Boma la Mgwirizano la 1962 mu Northern Rhodesia

Pofotokoza mbiri ya ufulu wa Zambia, ambiri a ife timathamangira tsiku la 24 Okutobala 1964, nkuiwala kuti ulamuliro unayamba kucoka m'manja mwa atsamunda miyezi 22 tsikulo lisanafike. Colinga cathu m'nkhani ino ndi kusonyeza kuti cinayambitsa kusinthako ndi cisankho cimene cinalibe wopambana.

Cisankho ca pa 30 Okutobala 1962 cinatsata malamulo amene anagawa patatu mipando 45 ya Nyumba ya Malamulo: 15 ya kaundula wapamwamba, mmene munaculuka Azungu, 15 ya kaundula wapansi, mmene munaculuka anthu akuda, ndi 15 yotsala, imene pafupifupi yonse inafuna kuti wopikisana apeze mavoti ku mitundu yonse iwiri. Lamulo lacitatuli linavuta kulikwaniritsa, kotero kuti ngakhale atabwereza kuvota m'Disembala, mipando 8 inatsala yopanda eni. Cipani ca United Federal Party (UFP), cimene cinkacirikiza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cinapeza mipando 16. UNIP ya a Kenneth Kaunda inapeza 14. ANC ya a Harry Nkumbula inapeza 7.

Motero cipani cocepetsetsa ndico cinagwira mpeni kumpini. A Nkumbula anali atapangana ndi UFP zothandizana pa cisankho, ndiponso anali ndi cilonda mumtima, pakuti a Kaunda anawacokera mu 1958 nakayambitsa Zambia African National Congress. Komabe kukhala m'boma limodzi ndi a John Roberts a UFP kukadatalikitsa moyo wa Citaganya cimene ANC inakhala ikulimbana naco zaka zambiri. Pakati pa Disembala iwo anasankha UNIP, ndipo Bwanamkubwa Sir Evelyn Hone analola zipani ziwirizo kupanga boma. A Kaunda anakhala nduna ya maboma aang'ono, a Nkumbula ya maphunziro a anthu akuda, a Simon Kapwepwe ya zaulimi.

Tiyenera kuzindikira kuti mgwirizanowu unamangidwa pa mzati umodzi: kugwetsa Citaganya. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma sananene kuti osenzawo adzagona m'nyumba imodzi. M'caka ca 1963 zipanizo zinkalamulira pamodzi mu Lusaka pamene otsatira awo ankalimbana m'makomboni. Citaganya citatha pa 31 Disembala 1963, cowalunzanitsa cinatheranso pomwepo. Pa cisankho ca Januwale 1964 UNIP inapeza mipando 55, ANC 10, ndipo a Nkumbula anapita ku mbali yotsutsa boma.

Ife tikuona kuti a Nkumbula anagula kutha kwa Citaganya ndi mtengo wa cipani cao, cimene sicinalawenso ulamuliro kufikira pamene iwo analowa UNIP pa pangano la ku Choma mu 1973. Ophunzitsa mbiri ya ufulu asaisiye kunja mipando 7 imeneyi.