Kutsika, kugwa, kuphwa: mawu a Chingerezi omwe amasokoneza amalonda a ku Chitipa

Malipoti a banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, a ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ndiponso nkhani zambiri za malonda zimatuluka m'Chingerezi. Kwa wamalonda wa pa Boma la Chitipa, yemwe amakapikula katundu ku Tunduma m'dziko la Tanzania kapena ku Nakonde m'dziko la Zambia, liwu limodzi la m'malipoti amenewa likhoza kumuuza ngati ino ndi nthawi yogula kapena yodikira. Vuto ndi lakuti Chingerezi chili ndi mawu ambiri onena za kutsika kwa zinthu, ndipo nkhaniyo ikamafika pamsika onsewo amakhala atasanduka liwu limodzi loti "zagwa".

Mawu osavuta ndi fall, drop ndi decrease. Awa amangonena kuti chiwerengero chatsika, osafotokoza kuti chatsika motani. Liwu loti decline, lomwe linachokera ku Chilatini, nthawi zambiri limanena za kutsika kwapang'onopang'ono kotenga nthawi. Chitsanzo ndi chiwerengero cha ana omwe mayi mmodzi amabereka m'Malawi muno, chomwe kafukufuku wa zaumoyo anapeza kuti chinatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4 mu 2015 ndi 2016. Koma anthu m'dziko muno sanachepe ayi: anali 13 miliyoni pa kalembera wa 2008, nafika 17.5 miliyoni pa kalembera wa 2018. Liwu lomweli lili ndi tanthauzo lina losiyana kotheratu. Nyuzi ikalemba kuti mkulu wina declined to comment, ndiye kuti wakana kuyankhapo, palibe chatsika.

Dip ndi liwu lomwe Mngelezi amanena posunsa buledi mu tiyi, choncho pa za mitengo limatanthauza kutsika pang'ono kwa kanthawi, kenako n'kubwereranso. Ease ndi kufewa kapena kulezako mtima kwa chinthu chomwe chinafika povuta. Mlimi wa chimanga wa ku Kameme kapena ku Nthalire akamva mawu awiriwa, palibe chifukwa chothamangira kwa mavenda.

Mawu oopsa ndi plunge, tumble, crash ndi plummet, omwe amanena za kugwa kwadzidzidzi ndiponso kwakukulu, kuja Achewa amati kugwa chagada. Plummet poyamba linali dzina la kachitsulo kolemera ka mtovu komwe amalinyero ankamangirira kuchingwe poyeza kuya kwa nyanja. Slump ndi losiyanako, chifukwa limanena za kugwa n'kukhalitsa pansi pomwepo. Anthu oyenda mumsewu wa Karonga kupita ku Chitipa analiona tanthauzo lake ndi maso. Ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan itachitika mu 2011, mtengo wa miyala ya uranium unalowa pansi kwa zaka zingapo, ndipo mu 2014 kampani ya Paladin inaimitsa ntchito yokumba pa mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga, anthu ambiri n'kuchotsedwa ntchito.

Dwindle ndi shrink amanena za kuchepa kwa chinthu chomwe chinali chochuluka, monga madzi a mumtsinje wa Songwe akamaphwa m'chilimwe, kapena chimanga chikamatha m'nkhokwe mu Januwale. Deteriorate silinena za chiwerengero koma za kuwonongeka: msewu wokumbika ndi mvula, kapena wodwala yemwe matenda akumukulira.

Pomwe pagona nkhani kwa anthu a m'malire ndi pa mawu awiri onena za ndalama, depreciation ndi devaluation. Onse amatanthauza kuchepa mphamvu kwa kwacha, koma wochititsa ndi wosiyana. Depreciation ndi pamene ndalama ikufooka yokha pamsika chifukwa ofuna madola achuluka kuposa madolawo. Devaluation ndi chiganizo cha akuluakulu, cholengezedwa tsiku limodzi. Izi ndi zomwe zinachitika mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 pomwe banki yaikulu inalengeza 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 pomwe inalengeza 44 peresenti.

Chiwerengero cha 44 chimenechi chimafunika kuchimvetsa bwino. Dola imodzi, yomwe inkagulitsidwa pa K1,180, inayamba kugulitsidwa pa K1,700. Ndiye kuti chomwe chinasintha ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola, umene unakwera. Kwacha yokha inataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu zake, chifukwa K1,000 yomwe inkagula masenti 85 a dziko la America inayamba kugula masenti 59. Kusiyanaku si nkhani ya akatswiri okha. Wopikula zitenje ndi mashilingi a ku Tanzania amakhudzidwa ndi chiwerengero choyambacho, popeza iye akugula ndalama yakunja. Mlimi wa khofi wa ku Misuku, yemwe mbewu yake imagulitsidwa kunja m'madola, akhoza kulandira makwacha ochuluka kuposa kale, koma phindulo limakathera kwa wogulitsa feteleza, yemwenso katundu wake anabwera ndi madola.

Msampha wina uli pa liwu loti inflation, lomwe ndi liwiro la kukwera mitengo kwa zinthu. Mutu wa nkhani ukati inflation eases kapena inflation falls, anthu ambiri amayembekezera kukapeza shuga atatsika mtengo, ndipo akapanda kutero amati boma likunama. Chomwe chatsika ndi liwiro chabe. Tiyerekeze kuti chiwerengerocho chachoka pa 30 kufika pa 25 peresenti: katundu yemwe chaka chatha anali K100,000 tsopano ali K125,000. Galimoto yachepetsa liwiro koma ikadakwerabe phiri. Akatswiri amatcha zimenezi disinflation, pomwe kutsika kwenikweni kwa mitengo yonse ndi deflation. Komanso kuchoka pa 30 kufika pa 25 si kutsika ndi 5 peresenti. Chingerezi cholondola chimati five percentage points.

Chimodzimodzinso slowdown ndi recession. Mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, chuma cha Malawi chinakulabe, ngakhale kuti chinakula ndi pafupifupi 1 peresenti yokha. Imeneyo ndi slowdown. Chuma cha Zambia chinabwerera m'mbuyo ndi pafupifupi 3 peresenti chaka chomwecho, ndipo imeneyo ndiyo recession.

Timawu ting'onoting'ono tiwiri, by ndi to, natonso timadyetsa anthu ndalama. Tiyerekeze kuti ndowa ya chimanga inali pa K20,000. Uthenga wa pafoni ukati mtengo fell by K5,000, ndowayo tsopano ili pa K15,000. Ukati fell to K5,000, ndiye kuti ndowayo ikugulidwa K5,000 basi, ndipo mlimi yemwe wanyamula ndowa khumi panjinga kuchokera ku Chisenga abwerera kwawo ndi K50,000 m'malo mwa K150,000.