Msinja

Kachisi wakale wa mvula wa Achewa, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama m'boma la Lilongwe. Mwini wake anali Makewana, mayi wa pfuko la Banda, amene sankakwatiwa ndipo sankameta tsitsi, poti kumeta kukanathawitsa mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano. Chilala chikavuta, ng'oma ya Mbiriwiri inkalira kuitana anthu kunsembe, ndipo akuluakulu amati Makewana ankamira m'dziwe lotchedwa Malawi masiku atatu kukapempha mvula kwa Mulungu wawo, Chisumphi.

Angoni anapasula mudzi wa Msinja m'zaka za m'ma 1800. Chapafupi pali Kaphirintiwa, thanthwe limene amati lili ndi mapazi a anthu oyamba. Malowa ngofunika kuwasamala ndithu.